Kumanganso injini ya Starlet kuti izikoka bwino: yezani kaye musanamasule bawuti

Pa shelefu ya m'galaja mwanga ku Matawale pali pisitoni imodzi yomwe ndinakana kutaya. Inatuluka mu silinda yachitatu ya Starlet yanga. Mukaiyang'anitsitsa muona kuti kampanda kapakati pa ring'i yoyamba ndi yachiwiri kanabenthuka, ndipo pamutu pake pali timaenje ting'onoting'ono ngati pojompha nkhuku. Zinachitika masana ena mu Okutobala ndikukwera msewu wa ku Kuchawe. Boost, mphamvu ya mpweya womwe turbo imakankhira mu injini, ndinali nditakweza, ndipo m'thanki munali petulo wa m'chigubu yemwe ndinagula m'mbali mwa msewu chifukwa pomwetsera mafuta panali mzere wosaona kumapeto. Nditatuluka pa kona ina ndinaponda, ndinamva kaphokoso ngati misomali ikugwedezeka m'chitini, ndipo pagalasi ndinangoona utsi wabuluu ukunditsatira.

Anyamata akabwera n'kumafunsa kuti, "Achimwene, ndimange turbo yanji kuti galimoto izithamanga?" ndimayamba ndawagwiritsa pisitoni imeneyo. Zotsatirazi ndi njira yomwe ndinatsata pomanganso injiniyo, ndipo ndi yomwe ndimatsatabe munthu akandibweretsera yake.

Dziwani kaye injini yomwe muli nayo

Ndikukamba za Toyota Starlet, makamaka EP82 ndi EP91, chifukwa ndi yomwe ndimaidziwa mkati ndi kunja. EP91 inapangidwa kuyambira 1996 mpaka 1999. Zambiri zomwe zikuyenda kuno zili ndi injini ya 4E-FE, ya 1331 cc, mavalavu 16, yopanda turbo. Yomwe anyamata amailakalaka ndi Glanza V, ya injini ya 4E-FTE, yomwe inatuluka ku fakitale ndi turbo ya CT9 komanso mphamvu ya 135 PS. Mukaziona kunja zimafanana, koma m'kati ndi zosiyana. Compression, kapena kuti kupanikizika kwa mpweya m'silinda, ya 4E-FE ndi 9.6:1, pomwe ya 4E-FTE ndi 8.2:1, ndipo mapisitoni ndi ma conrod ake, zitsulo zolumikiza pisitoni ku crankshaft, anapangidwira kupirira moto wa turbo. Kungopachika turbo pa 4E-FE osasintha za m'kati ndiye kuitana zomwe zili pa shelefu yanga zija.

Ubwino wa injini zimenezi ndi wakuti buloko yake ndi yachitsulo cholimba, moti masilinda akatha amatheka kuwakuza n'kulowetsa mapisitoni okulirapo. Amene muli ndi Vitz kapena RunX ya 1NZ-FE dziwani kuti buloko yanu ndi ya aluminiyamu yokhala ndi timakoma topyapyala, ndipo siinapangidwe kuti izikuzidwa chonchi. Njira zoyezera ndi zotchunira zomwe ndifotokoze zikuthandizani, koma za kukuza masilinda zisiyeni.

Yezani injini ikadali pagalimoto

Apa ndi pomwe ambiri amalumpha. Injini ikangotsitsidwa, umboni wa matenda ake watayika. Itenthetseni kaye, chotsani mapulagi onse anayi, zulani fyuzi ya EFI kuti petulo asamalowe, pondani moto mpaka pansi, ndipo yezani compression silinda imodziimodzi. Lembani m'kabuku. Chofunika kwambiri si kukula kwa nambala koma kufanana kwake: kusiyana kusapitirire 1 bar pakati pa silinda yamphamvu ndi yofooka. Musadabwe manambala onse akatsika pang'ono poyerekeza ndi a m'buku. Tawuni ya Zomba ili pamtunda wa mamita pafupifupi 900, mpweya wake ndi wopepuka, ndipo geji imawerenga motsikirapo kusiyana ndi m'mphepete mwa nyanja yamchere komwe manambala a m'buku amayezedwera.

Silinda ikapezeka yofooka, thiranimo supuni imodzi ya oyilo pabowo la pulagi n'kuyezanso. Nambala ikakwera, vuto ndi maring'i. Ikakhala pomwepo, yang'anani ku mavalavu kapena gasiketi ya hedi. Ngati muli ndi kompuresa, lowetsani mpweya m'silinda pisitoni ili pamwamba, mavalavu ali otseka, n'kutchera khutu. Mpweya ukamatulukira pothirira oyilo, ndi maring'i. Ukamamveka ku ekizozi, ndi valavu yotulutsa utsi. Ukamamveka kolowera mpweya, ndi valavu yolowetsa. Madzi a m'redieta akamachita thovu, gasiketi yapita kapena hedi yang'aluka.

Yezaninso mphamvu ya oyilo ndi geji yeniyeni, osadalira kanyali ka pa dashibodi, chifukwa iko kamayaka zinthu zitaipa kale. Potsiriza tsegulani kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS pansi pa boneti, lumikizani TE1 ndi E1 ndi kawaya, yatsani kiyi, ndipo werengani kuphethira kwa nyali ya check. Sensa yakufa imawononganso injini yatsopano ngati mmene inawonongera yakale.

Kumasula

Izi n'zosavuta, koma zimafuna mwambo. Jambulani ndi foni mapayipi ndi mawaya onse musanazule. Mabawuti a gawo lililonse akhale m'kachitini kake. Mabawuti khumi a hedi amasulidwe pang'onopang'ono kuyambira kunja kulowa pakati, injini itazizira. Zivindikiro za ma conrod ndi za crankshaft zilembedwe manambala, chifukwa chilichonse chiyenera kubwerera pamalo pake, chikuyang'ana komwe chinkayang'ana. Timakapu ta mavalavu ndi ma shim ake, tizitsulo tokonzera mpata wa mavalavu, ndimaika m'thireyi ya mazira, mabowo 16 olembedwa bwino. Mukazisakaniza mudzataya tsiku lathunthu mtsogolo.

Mabering'i akale musawataye musanawawerenge. Akaoneka mkuwa, oyilo ankachepa kapena injini inkagogoda. Akakhala ndi mizere yokanda, munkalowa fumbi.

Ulendo wa kwa a mashini

Ine buloko, hedi ndi crankshaft ndimapita nazo ku Blantyre, makilomita pafupifupi 65 pamsewu wa M3. Musanapite, gulani kaye mapisitoni n'kupita nawo limodzi. Mmisiri wabwino amayeza pisitoni iliyonse n'kukuza silinda molingana ndi pisitoniyo. Amene angakuuzeni kuti, "Ingosiyani bwana, tikuza fifite, mapisitoni mudzagula pambuyo," nyamulani katundu wanu mupite kwina. Silinda ya 4E ndi ya 74 mm. Ikakhala yokandika kapena yatha mosafanana, imakuzidwa ndi 0.50 mm kufika 74.5 mm. Ngati ikadali m'muyezo, kuipala pang'ono kuti maring'i atsopano agwire n'kokwanira, ndipo chitsulo chotsalacho chidzakuthandizani tsiku lina.

Hedi iyezedwe ndi rula yachitsulo yowongoka komanso feeler gauge, tizitsulo topyapyala toyezera mpata. Ikapindika kupitirira 0.05 mm, isikimidwe, koma achotsepo pang'ono zedi ndipo akuuzeni kuti achotsa zingati. Kusikima kumakweza compression, ndipo pa injini ya turbo yomwera petulo wathu uno, compression yokwera mwangozi ndi mdani. Apempheni ayesenso ngati hedi ilibe mng'alu, asinthe timalabala ta mavalavu, ndipo akhazike mavalavu bwino m'mipando yake. Crankshaft ikakhala yosalala ndi yam'muyezo, ingopukutidwa basi.

Funso lomwe limabwera nthawi zonse ndi la mapisitoni a forged, osulidwa kuti akhale olimba kuposa a ku fakitale. Maganizo anga ndi awa: ngati mukhala ndi CT9 ndipo boost siipitirira 0.8 bar kapena apo, mapisitoni enieni a 4E-FTE ndi okwanira, bola kutchuna kukhale kwabwino. A forged ndi a munthu yemwe akupita ku turbo yaikulu, ndipo amafuna mpata wokulirapo m'silinda, choncho m'mawa wa mu Juni kukazizira amachita kaphokoso mpaka atatenthedwa. Ena amatenga buloko ya 5E-FE, ya 1497 cc, n'kuikapo hedi ndi turbo ya 4E-FTE. Imakoka bwino kuyambira pansi, chomwe ndi chokoma pa zitunda zathuzi, koma compression yake iyenera kuwerengedwa mosamala ndi mapisitoni oyenera. Si ntchito yoyambira.

Za masipeya: maring'i, mabering'i, gasiketi ya hedi, lamba wa timing ndi pampu ya oyilo, gulani zenizeni za Toyota kapena za kampani yodziwika. Zakale za ku Ndirande kapena ku Limbe n'zothandiza pa zinthu monga mabulaketi, manifold kapena giyabokosi. Koma zolowa m'mimba mwa injini zikhale zatsopano, chifukwa bering'i yachinyengo siioneka ndi maso, imadziwika itanoka.

Tsukani ngati mbale yodyera

Buloko ikachoka kwa a mashini imaoneka yoyera, koma m'timizere ta m'silinda mumakhala mutatsalira fumbi la mwala wopalira. Parafini yekha salichotsa. Tengani madzi otentha, sopo wa ufa ndi burashi, tsukani silinda iliyonse, kenako pukutani ndi kansalu koyera kodontheza oyilo. Kakatuluka ndi kuda, tsukaninso. Ine ndinabwereza kanayi kansalu kasanatuluke koyera. Njira zonse za oyilo, za m'buloko ndi za m'crankshaft, zipemereredwe ndi mpweya wa kompuresa. Mukamaliza pakani oyilo msanga dzimbiri lisanagwire.

Ndipo chonde, musamangire injini pansi pa mtengo wa mango. Ndikudziwa kuti magalaja athu ambiri ndi apanja, ndipo amisiri ake amagwira ntchito yabwino ndi zochepa zomwe ali nazo. Koma mphepo ya mu Ogasiti ndi Sepitembala imanyamula mchenga, ndipo kamchenga kamodzi pa bering'i kamalemba mzere kuzungulira crankshaft yonse. Pezani chipinda chotseka, wazani madzi pansi, ndipo mukamapita kokadya vindikirani buloko ndi pulasitiki.

Kumanga: apa ndi pofunika kudekha

Yambani ndi mpata wa maring'i. Lowetsani ring'i imodzi m'silinda yake, ikankheni ndi mutu wa pisitoni kuti ikhale mowongoka, n'kuyeza mpata wa pakati pa nsonga zake ndi feeler gauge. Ring'i ikatenthedwa imatalika. Mpata ukachepa, nsonga zimagundana, ring'i imasowa kolowera, ndipo imathyola kampanda ka pisitoni. Injini ya turbo imatentha kwambiri, choncho imafuna mpata wokulirapo kuposa yopanda turbo. Pa silinda ya 74.5 mm ndi boost yapakatikati, ring'i yapamwamba ndimaisiyira 0.35 mpaka 0.40 mm, yachiwiri yokulirapo pang'ono, koma pepala lomwe labwera ndi maring'i anu ndilo loyamba kulimvera. Popala gwiritsani ntchito fayilo yosalala, mbali imodzi yokha, kuchokera kunja kulowa mkati, kawiri kapena katatu n'kuyezanso. Chomwe mwachotsa sichibwerera.

Kenako mabering'i. Pali kaulusi kotchedwa Plastigauge, kobiriwira, kooneka ngati ulusi wosokera. Mumadula kachidutswa n'kukagoneka pa crankshaft youma, mumaika chivindikiro n'kumanga ndi torque wrench pa muyezo wa m'buku, osazunguza crankshaft ngakhale pang'ono, kenako mumamasula. Kaulusi kaja kamakhala kataphwathalala, ndipo mumayerekeza kufalikira kwake ndi timizere ta papepala lake. Apo ndiye mwadziwa mpata weniweni womwe oyilo azidutsamo. Chitani izi pa bering'i iliyonse, zisanu za crankshaft ndi zinayi za ma conrod. Madala ena omwe anandiphunzitsa ntchito ankangozunguza ndi dzanja n'kunena kuti, "Iyi yakhala, mwana wanga." Manja awo ndimawalemekeza, anadyetsa mabanja zaka zambiri. Koma injini zomwe ankamanga sizinkalandira boost, ndipo dzanja silingamve kusiyana kwa 0.02 mm.

Mukakhutira, pakani oyilo womangira pa bering'i iliyonse, mangani zivindikiro kuyambira pakati, ndipo mukamanga chimodzi zunguzani crankshaft kuti mumve ngati ikuyenda mofewa. Ikalimba, imani pomwepo mufufuze. Mipata ya maring'i isayang'ane mbali imodzi, isiyanitseni monga buku likusonyezera. Chizindikiro cha pamutu pa pisitoni chiyang'ane kutsogolo, kumbali ya lamba wa timing. Pa mabawuti a conrod valikanipo timapayipi ta labala polowetsa kuti asakande crankshaft.

Mabawuti a hedi a injini zimenezi amamangidwa ndi torque kenako n'kuwapotoza ndi madigiri, kutanthauza kuti amatamuka. Gulani atsopano. Mabowo ake m'buloko akhale oyera ndi ouma, chifukwa oyilo kapena madzi otsalira pansi amanamiza torque wrench, mwinanso kung'alula buloko. Mangani kuyambira pakati kutuluka kunja, mozungulira, m'magawo monga buku likunenera. Gasiketi ya hedi siipakidwa silikoni. Ngati mwasankha yachitsulo, nkhope za hedi ndi buloko ziyenera kukhala zosalala kwambiri, apo ayi idzadontha.

Mpata wa mavalavu umakonzedwa ndi ma shim. Popeza mavalavu akhazikidwanso, manambala akale asintha, choncho yezani onse 16 injini ili yozizira n'kusinthanitsa ma shim mpaka alowe m'muyezo. Lamba wa timing akhale watsopano pamodzi ndi timawilo take. Mukagwirizanitsa zizindikiro, zunguzani injini ndi sipanala kawiri kathunthu n'kuonanso ngati zabwerera pamalo.

Walira mvula walira matope

Mphamvu yoonjezera ndi moto woonjezera, ndipo motowo uyenera kupeza kotulukira. Manifold ya ekizozi ya ku fakitale pa 4E-FTE ili ndi njira yopanikizika pa silinda yachitatu, ndipo n'chifukwa chake silinda imeneyo ndiyo imayamba kupsa boost ikakwezedwa. Yanga inafera pomwepo. Njirayo itha kukuzidwa ndi kachopalira, kapena mupeze manifold ina yokhuthala bwino. Zopyapyala zonyezimira zija zimang'aluka pa mabampu athu.

Turbo iyeseni ndi chala. Kugwedera pang'ono cham'mbali n'kololedwa, koma ikamasuntha kutsogolo ndi kumbuyo kapena mapiko akamakhudza khoma, ikonzedwe kaye. Payipi yobweretsa oyilo ku turbo itsukidwe bwino kapena isinthidwe. Mukaika ekizozi yotakasuka, CT9 imakonda kukweza boost yokha pa ma rev apamwamba chifukwa kabowo ka wastegate, kotayira utsi wina kuti boost isapitirire, n'kakang'ono. Kakuzeni turbo ikadali pansi.

Intercooler ya ku fakitale, yomwe imaziziritsa mpweya wochokera ku turbo, imakhala pamwamba pa injini, pansi pa kamphuno ka pa boneti. Galimoto ikamayenda imagwira ntchito, koma mukaima pa depoti kapena mukamakwawa kumbuyo kwa lole yamatabwa, imamwa kutentha kwa injini n'kumalowetsa mpweya wotentha. Kuisamutsira kutsogolo kwa redieta ndi chimodzi mwa zinthu zomwe ndinaona phindu lake lenileni. Sefa ya mpweya nayo isakhale pafupi ndi manifold, ndipo ikhale yogwiradi fumbi. Ndaona anthu akumanga kaneti pakamwa pa turbo kuti izilira bwino. Msewu umodzi wafumbi wopita ku Kachulu ndi wokwanira kudya mapiko ake ndi maring'i atsopano aja.

Redieta itsukidwe kapena isinthidwe, pampu ya madzi ikhale yatsopano, chivindikiro chikhale chogwira mphamvu yake. Thermostat musachotse. Chizolowezi chochotsa thermostat n'chofala kuno, koma chimachititsa kuti injini izichedwa kutentha, kompyuta izithira petulo wambiri, ndipo petuloyo azitsuka oyilo m'masilinda. Thirani coolant, osati madzi a pampopi okha.

Kumbali ya mafuta, kumbukirani kuti petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Ethanol amathandiza kuchepetsa kugogoda, koma amaumitsa mapayipi akale a labala ndi kusukunula litsiro la m'thanki. Tsitsani thanki muitsuke, sinthani sefa ndi mapayipi, ikani pampu yatsopano, ndipo ma injector ayesedwe kuti onse anayi akupopera mofanana.

Kuliza koyamba

Thirani oyilo wamba wa mineral, osati synthetic. Mapulagi ali kunja ndi fyuzi ya EFI ili yozula, zunguzani ndi sitata mpaka geji ya oyilo itakwera. Bwezerani zonse, lizani. Wina akhale pa kiyi maso ali pa geji, inu muzizungulira ndi tochi kufunafuna kodontha. Ikatentha ndipo fani yazungulira, lumikizani TE1 ndi E1, ikani timing, nthawi yomwe pulagi imayatsa moto, pa madigiri 10 ndi nyali ya timing, osati ndi khutu.

Musaisiye ikungolira pamalo kwa maola monga ena amachitira. Maring'i amakhazikika ndi katundu. Tulukani nayo pamsewu wopanda anthu ambiri, pondani mwapakatikati mu giya yachitatu kuchoka pa 2,000 kufika 4,000 rpm, siyani moto ibwerere yokha ndi giya, bwerezani kangapo. Boost ikhale yotsikitsitsa. Ine oyilo ndi sefa ndimasintha pakatha makilomita 100 oyamba, n'kudula sefayo kuona ngati mulibe tizitsulo, kenako ndimasinthanso pa 1,000. Pamenepo ndimayezanso compression, ndipo ndi pomwe kutchuna kumayambira.

Kutchuna pa mpweya ndi petulo wa kuno

Kompyuta ya ku fakitale imadula mafuta boost ikafika cha m'ma 0.8 bar. Imatero pofuna kuteteza injini. Pali kachipangizo kotchedwa FCD komwe kamainamiza kuti isadule, koma sikaonjezera dontho la petulo. Kachipangizo kameneka ndinali nditakaika tsiku lomwe pisitoni ija inabenthuka. Njira yoyenera ndi kompyuta yotheka kuisintha, kaya yothandizira ya ku fakitale monga e-Manage, kaya yoima payokha monga Dicktator kapena Spitronics za ku South Africa. Sankhani yomwe munthu wokutchunirani amaidziwa bwino, osati yomwe ili ndi dzina lalikulu.

Zida ziwiri n'zosakambirana. Choyamba ndi geji ya wideband yoyeza kusakanikirana kwa mpweya ndi mafuta. Popeza petulo wathu ali ndi ethanol, ndimakonda kuwerenga lambda, nambala yomwe imatsika mafuta akachuluka n'kukwera akachepa. Injini ikamalira pamalo kapena poyenda mofatsa, ikhale pa 1.0. Boost ikadzaza, ikhale pakati pa 0.78 ndi 0.80, yomwe pa geji zowerenga AFR ya petulo, kuchuluka kwa mpweya poyerekeza ndi mafuta, imaoneka ngati 11.5 mpaka 11.8. Mukaona 13 boost ili yodzaza, chotsani phazi nthawi yomweyo.

Chachiwiri mutha kupanga nokha. Tengani kachidutswa ka payipi ya mkuwa, phwanyani mbali imodzi ndi hamala, boolani, n'kukamangirira ndi bawuti pa buloko pafupi ndi pamwamba. Mbali inayo lumikizani payipi ya pulasitiki yodutsa mpaka m'galimoto, igawike pawiri n'kulowa m'zotsekera m'makutu zomwe amavala ogwira ntchito pa makina. Mukavala mumamva m'kati mwa injini: mavalavu akuchita tchetchetche mwadongosolo, ma injector akugunda. Kugogoda kukayamba kumamveka mosiyana, kuthetheka kwakuthwa ngati chimanga chikuphulika m'chiwaya. Mumakumva kusanafike pomveka ndi khutu wamba, ndipo pisitoni imapulumukira pa mphindi imeneyo.

Mukhale awiri. Woyendetsa maso ake pamsewu basi, winayo ndi laputopu ndi zomvera zija. Sankhani malo owongoka, oonekera patali, m'mamawa anthu asanachuluke. Yambani ndi boost yotsika, konzani mafuta kaye mpaka lambda ikhazikike pa ma rev onse. Mukatero bwerani ku timing, digiri imodzi nthawi imodzi. Mukangomva kuthetheka, bwezani madigiri awiri kapena atatu ndipo musiye pomwepo. Kenako kwezani boost ndi 0.1 bar n'kuyambiranso. Mapulagi akhale ozizirirapo ndi sitepe imodzi, mwachitsanzo kuchoka pa nambala 6 kupita pa 7 ya NGK, ndipo mpata wake uchepe kufika 0.7 kapena 0.8 mm kuti moto usazimitsidwe ndi boost. CT9 ndi kakang'ono. Mukakakankha kufika 1 bar kamangopemerera mpweya wotentha, ndipo mphamvu yomwe mukupeza siilingana ndi chiopsezo.

Tsopano nkhani yomwe mavidiyo a pa YouTube sangakuuzeni. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu pa mamita 300 alionse okwera, choncho kuno ku Zomba yataya kale gawo limodzi mwa magawo khumi, ndipo pamwamba pa phiri, pomwe nsonga yake ya Malumbe imapitirira mamita 2,000, imataya zoposa apo. Turbo imabweza zambiri mwa zotayikazo, koma imazungulira mwamphamvu kuti itero, ndipo mpweya umatuluka wotentha. Mukatsikira ku Liwonde kapena ku Mangochi, zinthu zimatembenuka: mpweya ndi wolemera komanso wotentha, ndipo injini yomwe inali chete m'mawa wozizira wa ku Zomba itha kuyamba kugogoda masana a kumeneko. Choncho musatchune mpaka pa malire. Siyani danga la tsiku lotentha, la galimoto yodzaza abale, ndi la petulo wosadziwika bwino. Ngati kompyuta yanu imalola, sungani mapu achiwiri a boost yotsika ndi timing yobwezedwa, a masiku omwe mafuta asowa. Petulo wa m'zigubu ena amamuthira parafini, ndipo parafini amatsitsa octane, mphamvu ya petulo yopirira kugogoda. Mukakakamizika kumwetsa wotere, yendani ngati mwanyamula mazira mpaka atatha.

Zoimitsa ndi mapepala

Kilatchi ya ku fakitale ikayamba kuterereka mu giya yachinayi, ikani yolimbirapo. Mabuleki asamalidwe injini isanatchunidwe n'komwe: mapadi abwino, madisiki osapindika, mafuta a mabuleki atsopano. Potsika kuchokera ku Kuchawe gwiritsani ntchito giya, chifukwa mafuta akale amawira ndipo phazi limangolowa pansi. Msewu umenewo uli ndi anthu otsika ndi nkhuni panjinga, ana ogulitsa zipatso m'makona, ndi malole amatabwa. Ndi wabwino poyesa ngati injini ikuzizira bwino pokwera mofatsa, koma si woyeserapo liwiro. Matayala anayi akhale a mtundu umodzi, osati akaunjika osiyanasiyana.

Ngati mwasintha buloko, nambala ya injini yasintha. Sungani lisiti ya komwe munagula, pitani ku Road Traffic akasinthe m'mabuku musanapite kukapangitsa COF, ndipo a inshuwalansi muwauze zomwe mwasintha.

Zonse zikatha, dikirani tsiku lotentha. Dzazani petulo wa pa pampu, valani zomvera zija, mnzanu ayendetse, mutsike ku Domasi mpaka ku Liwonde masana. Yesani kukoka kamodzi kapena kawiri pamalo abwino, khutu lili ku buloko, diso lili pa lambda. Mukabwerera injini ikazizira, masulani mapulagi onse anayi muwaike pamzere pa kansalu koyera. Yambani kuyang'ana yachitatu. Ikhale yofanana ndi zinzake, yotuwira ngati khofi wamkaka. Mukaona timadontho takuda ngati tsabola kapena tonyezimira pa kadothi koyera ka kunsonga kwa pulagi, bwezani timing ndi madigiri awiri, onjezerani mafuta pang'ono pamwamba, ndipo mubwerezenso ulendo wa ku Liwonde.